Zimene Akulu Sanalembe

4 Malichi

Akulu anga,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno ana ali bwino, bambo awo nawonso akupita kugalaja monga mwa masiku onse. Wodwala ndine ndekha.

Ndakhala ndikukuimbirani foni kuyambira sabata yatha. Imaitana mpaka kuduka yokha. Kawiri anayankha ndi alamu, ulendo woyamba akuti muli kosamba, wachiwiri akuti mwagona. Kenako kunabwera uthenga wanu uja woti foni ikukuvutani, ndizikulemberani kalata ngati kale. Ndiye kalatayo ndi iyi. Mundikhululukire malembedwe, mkono sukutambasuka bwino chichokereni kuopareshoni.

Bere analichotsa pakati pa mwezi wathawu, pamodzi ndi timibulu tina ta m'khwapa. Bala likupola. Adokotala akuti Lachitatu la sabata yamawa ndiyambe mankhwala a m'dilipi, maulendo asanu ndi limodzi, kamodzi pa masabata atatu alionse. Nditafunsa kuti ndi mankhwala anji, anamwino anandionetsa. Ndi ofiira aja, Akulu, omwe aja ankakupatsani inu zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Nditangowaona m'kamwa munadzaza malovu ngati ndine ndinkasanza nthawi ija, chikhalirecho ine ndinali wogwira beseni chabe.

Shopu ndatseka. Mashini ndawavundikira ndi nsalu yakale, madiresi atatu a eniake ali lendelende pamsomali, manja ndisanalumikize.

Ine sinditha kupempha mozungulira, mukundidziwa. Bwerani, ngakhale sabata imodzi yokha. Bambo a ana akuyesetsa, koma ndi munthu wa masipanala. Akandiona ndikulira amatuluka panja n'kukatsegula boneti ya galimoto yomwe ilibe vuto lililonse. Amene munadutsamo m'zimenezi ndinu nokha, ndipo pali zinthu zina zomwe sindingafunse mwamuna kapena dokotala.

Mundiuze tsiku, ndidzatume munthu kudepoti.

Mng'ono wanu,
Kasingano


12 Malichi

Kasingano wanga,

Kalata yako yafika dzulo, ndaiwerenga katatu. Ife kuno tadzuka. Alamu ako akupereka moni. Chipumireni pantchito ya mabasi anadziika okha pa udindo wa kukhitchini, ndipo palibe poto wanga amene sanapserere.

Kubwera panopa sinditha. Teremu ili pakati, ana a kalasi langa akukonzekera mayeso, akuluakulu a sukulu sangandilole. Usandiganizire zoipa.

Ndakutumizira phukusi. Muli nsapato zamasewera zofewa pansi, masokosi ndi chipewa cha dzuwa. Phazi lako ndi langa n'chimodzimodzi, ndiye zikukwana. Ndikupempha zinthu ziwiri, ndipo uzimve ngati zochokera kwa mkulu wako, osati kwa mphunzitsi.

Choyamba, uwauze adokotala akuunike mtima ndi makina, ndipo azikuunikanso mankhwala ali m'kati. Akakuuza kuti mzere ndi wautali, khala pamzerepo. Akakufunsa chifukwa, unene kuti mkulu wako ndi wovuta.

Chachiwiri, uziyenda. Tsiku lililonse m'mawa, dzuwa lisanakule, vala nsapatozo utuluke. Uwafunse kaye adokotala kuti ndi masiku ati oyenera kupuma, koma masiku ena onsewo usagone chigonere. Yamba ndi kukafika pageti n'kubwerera. Mawa lake pitirira geti pang'ono. Thupi lizikuuza kuti bedi ndiye mnzako, koma likunama.

Za tsitsi, meta wekha lisanayambe kugwa, sizipweteka mtima kwambiri ukatero. Uzimwa madzi ambiri, ndipo usadabwe mkodzo ukafiira tsiku loyamba, ndi mankhwalawo. Zina zija ukuti sungafunse mwamuna, lemba, ndidzayankha chimodzichimodzi.

Undiuze kuti wafika pati ndi nsapatozo.

Mkulu wako


29 Malichi

Akulu,

Moni. Phukusi lafika, zikomo. Nsapato zili pansi pa bedi, m'bokosi mwake.

Ndikuuzeni za ulendo woyamba, poti simunalipo. Chipinda chake chili ndi mipando isanu ndi itatu, zenera limodzi loyang'ana khoma la kochapira. Anamwino anakhala pambali panga n'kumakankha mankhwala aja pang'onopang'ono ndi jekeseni yaikulu, akundifunsa za mtundu wa kolala yomwe ingawakhale. Tsiku limenelo ndinabwerera ndili bwino, mpaka ndinadziuza kuti kani n'zomwezi. Tsiku lachitatu ndi pomwe ndinadziwa. Fungo la oilo la pa ovololo ya bambo a ana limandisanzitsa iwo akadali pageti. Masiku ano amavulira panja ngati mlendo wokanidwa. Tsitsi sindinamete, ndinakakamira. Linatsala papilo Lamlungu lapitali.

Mtima anandiunika. Anandipaka mafuta ozizira pachifuwa, adokotala n'kumayang'ana pa kanema. Akuti uli bwino. Anandifunsa kuti anandiuza ndani zopempha zimenezi, ine ndinayankha monga munandiuzira.

Koma za kuyendazi, Akulu, mwandidabwitsa. Bambo a ana ataona nsapatozo anafunsa ngati kuli mpikisano womwe mwandilembetsa. Munthu ndikulephera kuchoka pabedi kukafika kuchimbudzi osagwira khoma, inu mukuti ndipitirire geti?

Mwaiwala kodi? Inu mutadwala ndinatseka shopu miyezi isanu. Ndinkagona pansi m'chipinda mwanu, ndinkakusambitsani, ndinkakudyetsani ndi supuni. Ngakhale kapu sindinkalola kuti munyamule nokha. Mukafuna kudzuka kuti mukaone panja ndinkakubwezerani pabedi, ndikuti pumani, mphamvu muzisunga. Sindinanene kuti makasitomala sangandilole. Lero ine ndadwala nthenda yomweyo, inu mwanditumizira nsapato.

Sindikuwerengetsa ayi. Ndikungofunsa kuti kodi ndinalakwa chiyani.

Kasingano


7 Epulo

Kasingano,

Amene anakupatsa dzina limeneli uli mwana sanalakwitse, umabaya ndithu. Moni kwa onse kumeneko, makamaka alamu anga a masipanala. Uwauze kuti mpikisano ulipodi, ndipo iwo ndi amene azikugwirira botolo la madzi.

Palibe chimene ndaiwala pa miyezi isanu ija. Palibenso chimene unalakwa. Kwiya mmene ungathere, ndine mkulu wako, msana wanga ndi waukulu. Koma uzikwiya ukuyenda. Tulutsa nsapatozo m'bokosi, uvale, undinyoze kuchokera pakhomo mpaka pageti, pobwerera undinyozenso.

Masiku atatu kapena anayi otsatira dilipi, yenda m'nyumba momwemo. Kukatentha thupi, ukamva chizungulire kapena kupweteka pachifuwa, usatuluke, pita kuchipatala. Masiku ena onse alibe chowiringula.

Ndasangalala kuti mtima uli bwino. Sungadziwe mmene ndasangalalira.

Ndilekeze pano, pali makope oti ndichonge.

Mkulu wako


27 Epulo

Akulu,

Ndikhulupirira makope munamaliza kuchonga. Ife tilipo.

Mwina musangalala kumva kuti ndikuyenda. Ndinayamba chifukwa cha mkwiyo, monga munanenera. Sabata yoyamba ndinkafika pageti n'kukhala pamwala. Panopa ndimatuluka itangokwana sikisi, ndimadutsa kugalaja, ndimatsata mpanda wa sukulu mpaka pa kamlatho ka ngalande, n'kubwerera kudzera mumsewu wa akalipentala. Ndi mphindi makumi atatu ndikapanda kuima. Alonda a pa nyumba yosungira katundu amandipatsa sawatcha tsiku lililonse. Anthu ena akuti mankhwala andisokoneza mutu, ena akuti bambo a ana amandithamangitsa m'nyumba. Mayi wina anandiimitsa n'kundigwira dzanja, akuti, "Mwanawe, amene akukuyendetsa chonchi sakukufunira zabwino." Ine ndinati, "Ndi mkulu wanga." Iye anangoti, "Ayi, pepa."

Sindinama, zikuthandiza. Njala ikumabwera, tulo tikumabwera, ndipo ulendo wachitatuwu sunandigwetse ngati woyamba uja. Adokotala akuti akanakonda odwala awo onse akanamatero. Ndayambanso kusoka ola limodzi patsiku. Madiresi a eniake aja tsopano ali ndi manja.

Koma sindicho ndalembera. Mpanda wa sukulu umene ndimautsatawo wakhala zii masabata awiri. Ana ali patchuthi, Akulu. Kalendala ya sukulu ndi imodzi, ya kuno ndi ya kwanuko. Ndinakonza chipinda, ndinayala nsalu zatsopano, maso ali kunjira. Bambo a ana anapita kudepoti kawiri osatumidwa ndi munthu. Mawa sukulu akutsegulira.

Ngati ndikukunyansani, nenani. Ngati simufuna kuona mutu wanga wopanda tsitsi chifukwa ukukumbutsani zakale, nenaninso, ndimva. Koma musandinamize ndi ana a eni. Ndipo musavutikenso kulemba za kuyenda. Wondiuza za kuyenda ndili naye, ali ndi chikhotho choyera. Amene ndilibe ndi mkulu wanga.

Kasingano


17 Meyi

Akulu anga,

Masabata atatu tsopano, palibe kalata, palibe uthenga. Foni ya alamu nayo ikungoitana.

Ulendo wachinayi unali Lachitatu. Mitsempha ya padzanja yauma, anamwino anabaya kanayi asanaupeze. Zikhadabo zada. Kwatsala iwiri.

Pakamwa panga mukupadziwa. Zina zimene ndinalemba zija ndikanatha kuzinena mwa njira ina. Koma musandilange ndi kukhala chete, ndilibe mphamvu za zimenezo. Lembani ngakhale mizere iwiri, ngakhale yondikalipira.

Mng'ono wanu


24 Meyi

Alamu,

Landirani moni wochokera kwa ine mlamu wanu. Ndikhulupirira abambo akunyumba ndi ana ali bwino. Ine si munthu wa zolembalemba, moyo wanga wonse ndagwira chiwongolero, ndiye mukapeza mawu okhota muwawongole nokha.

Akulu anu sakudziwa kuti ndikulemba kalatayi. Anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni kanthu, ndipo ndasunga lumbirolo miyezi itatu. Koma kalata yanu yomalizayi ndailephera.

Akulu anu akudwala mtima. Kusukulu anasiya mu Novembala. Palibe makope amene akuchonga. Zinayamba chaka chatha, ankafika pakhomo ali befu, ife n'kumati ndi kunenepa. Kenako miyendo inayamba kutupa, nsapato osalowa. Mukudziwa kuti tikukhala pamwamba, masitepe makumi anayi ndi awiri. Chiyambireni Januwale sanatsikepo ndi miyendo yawo. Tsiku la kuchipatala timawanyamula pampando, ine ndi aneba. Foni yawo ilibe vuto. Vuto ndi loti sangamalize chiganizo osaima kuti apume, ndipo anati inu mukangowamva mudziwa, makutu anu ndi akuthwa ngati pakamwa panu. Makalata aja ankalemba masiku awiri kapena atatu imodzi.

Pa 29 Epulo anabanika kwambiri, madzi anadzaza m'mapapo. Anagonekedwa masabata awiri ndi theka. Kalata yanu ya za tchuthi inawapeza m'chipatala. Ndinawawerengera ndine, ndipo nditafika kumapeto ndinadumpha. Iwo anati, "Adalaivala, mwadumpha siteji," n'kundilanda pepalalo. Atawerenga anangoti, "Koma akuyenda. Mphindi makumi atatu." Analipinda n'kuliika pansi pa pilo.

Adokotala a mtima anatiuza kuti mtima wawo unafooka, sukupopa mokwanira. Akuti n'kutheka kwambiri kuti ndi mankhwala ofiira aja pamodzi ndi kuwotcha khansa ndi makina kuja, zimatha kuonekera patapita zaka. Akulu anu anafunsa ngati panali chochita. Adokotala anati sangalumbire, koma masiku ano odwala amawaunika mtima pafupipafupi, ndipo amawalimbikitsa kuyenda ndi kugwiritsa ntchito thupi nthawi ya mankhwala, osati kugona miyezi yambiri. Patangotha milungu yochepa ndi pomwe inabwera nkhani yanu. Nsapato zija anandituma ndine, ndinazungulira mashopu anayi chifukwa ankazibweza.

Panopa ali kunyumba, akumwa mapiritsi otulutsa madzi, kutupa kwatsikako. Ndakuuzani izi kuti mtima wanu ukhale pansi, mudziwe kuti sanakutayeni. Mukamalemba musanditchule.

Ndine mlamu wanu


5 Juni

Akulu,

Ndikudziwa zonse. Musawakalipire alamu, ndine ndinawaumiriza ndi makalata anga.

Lachitatu linali tsiku la ulendo wachisanu. Ndinapita, ndinatenga fayilo, ndinakhala pabenchi. Ataitana dzina langa ndinadzuka, ndinafika pakhomo la chipinda chija, n'kuona anamwino akukoka mankhwala ofiira mujekeseni. Ndinasiya fayilo patebulo n'kutuluka. Ndinayenda wapansi mpaka kunyumba, osaima. Bambo a ana akundinyengerera, achipatala aimba kawiri. Sindibwererako. Anayi alowa kale m'thupi, akwana. Bere ndapereka, tsitsi ndapereka, mtima sindipereka. Sindifuna kuti zaka khumi zikubwerazi ana anga azidzandinyamula pampando.

Koma chimene chikundidya kwambiri si chimenecho. Ndine ndinakugonekani, Akulu. Miyezi isanu. Ndikukumbukira tsiku lina munavala nsapato kuti mukangofika pamsewu, ine ndinakuvulani n'kuzibisa pamwamba pa kabati. Munalira, ine n'kumati ndi mankhwala akukulizani. Ndinkadzitama kwa aliyense kuti mkulu wanga sanyamula ngakhale kapu. Mpaka ndinakulemberani zimenezo m'kalata ngati mendulo yanga, inu mukuwerenga muli befu. Munangokhala chete bwanji? Mukanandiuza kuti iwe Kasingano, mtima wangawu unauphera pabedi ndiwe.

Dzulo ndi lero sindinatuluke. Nsapatozo sindingathe kuziyang'ana.

Ndikufuna kubwera sabata ino. Ndiuzeni chimene ndingatenge.

Mng'ono wanu


11 Juni

Kasingano,

Moni ndiwupereka kumapeto ngati mphamvu zitsale. Kalatayi ndayamba m'mawa ndipo ndikufuna ipite ndi basi ya mawa.

Alamu ako sindinawakalipire. Ndangowauza kuti zimene ndinkaopa zija ndi izi, ndipo akhala tsiku lonse akutsuka mapoto oyera kale.

Ndinakubisira pa zifukwa ziwiri, ndipo zonse ziwiri wazichita m'kalata imodzi. Ndinkadziwa kuti uthawa mankhwala, ndinkadziwanso kuti udziimba mlandu. Ndiyambe ndi mlanduwo.

Iwe sunandiphere mtima. Nthawi imeneyo aliyense ankati wodwala apume. Anamwino ankatero, amayi akanakhala moyo akanateronso, ine mwini ndinkakonda kugonako. Ndipo utabwerera kwanu, ndani anandigoneka zaka khumi ndi chimodzi zotsatirazo? Ndinachira, ndinanenepa, ndinkakwera basi pa mtunda woti mwana amathamanga. Adokotala atandiuza za kuthamanga kwa magazi ndinkamwa mapiritsi ndikakumbukira. Sindinaunikitsepo mtima ngakhale kamodzi, palibe anandiuza, inenso sindinafunse. Komanso bere langa lodwala linali lakumanzere, kumene kuli mtima, ndipo makina owotcha a nthawi ija sanali ngati a lero. Adokotala anga akuti mwina ndikanayenda zikanachedwa kapena kuchepa, mwinanso ayi. Iwo amene anaphunzira sakudziwa, ndiye iwe telala wadziwa bwanji? Chimene ndikudziwa ine n'choti pa miyezi isanu ija panali masiku amene ndinkafuna kufa, ndipo sindinafe chifukwa pansi pa bedi langa panali munthu wolongolola.

Tsopano za mankhwala. Tamvera bwino. Mankhwala amenewo anandipatsa zaka khumi ndi ziwiri. M'zaka zimenezo ndaphunzitsa ana oposa mazana asanu kuwerenga. Ndaona mwana wanga akumaliza sukulu, ndanyamula mdzukulu. Mayi amene tinkakhala naye mpando woyandikana anasiyira paulendo wachitatu, akuti watopa. Ndinapita kumaliro ake tsitsi langa lisanamere bwino. Akanandiuza tsiku loyamba lija kuti mtima udzafooka ukadzafika zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi, ndikanatambasula dzanja lomwelo n'kuti bayani.

Si onse amene amalandira mankhwalawa amadwala mtima. Ambiri sadwala. Iwe uli ndi zimene ine ndinalibe: akukuunika, ukuyenda, ndipo ukudziwa choti uzidzayang'anira moyo wako wonse. Pita kwa adokotala ako, uwauze za ine zonse, usabise kanthu. Akaona kuti asinthe mankhwala, asintha iwowo. Koma usadzisinthire wekha pakhomo la chipinda.

Usabwere sabata ino. Magazi ako ndi ofooka, m'basi muli chifuwa cha aliyense. Ndipo ndikunena poyera, ukafika kuno usanamalize, sinditsegula chitseko. Iwe ukudziwa kuti kuchoka pabedi kukafika pachitseko panopa ndi ulendo, ndiye sindikuopseza chabe.

Ndinalakwa kukunamiza. Ndinakusiya uganize kuti mkulu wako wakutaya pa nthawi imene unkandifuna, ndipo zimenezo sindingazibweze. Undikhululukire.

Ndikuopa, Kasingano. Ndanena tsopano. Alamu ako sindiwauza. Ndikufuna munthu woti ndiziopa naye, ndiye maliza msanga ubwere.

Moni kwa onse.

Mkulu wako


21 Juni

Akulu anga,

Kalata yanu ndinaiwerengera pakhonde, kenako ndinawapatsa bambo a ana. Atamaliza sanapite kukatsegula boneti. Anakhala pansi pomwepo.

Ndinapita kuchipatala Lolemba. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, koma adokotala anatseka chitseko n'kundimvetsera mpaka kumapeto. Anandifunsa zaka zanu, mbali ya bere, ndi ngati kwathu kuli ena odwala mtima. Ndinawafunsa maso ndi maso kuti, "Mungandilonjeze kuti ndikamayenda mtima wanga sudzafooka?" Iwo anati, "Kulonjeza sindingathe, mayi. Chimene ndinganene n'choti kuyenda kumauthandiza mtima, ndipo kusiya mankhwala pano kumaithandiza khansa." Anandiunikanso mtima. Akuti watsikako pang'ono poyerekeza ndi mu Malichi, koma ukadali m'malire abwino, ndipo mlingo wonse wa mankhwala umene ndilandire sufika pamene iwo amayamba kuda nkhawa.

Ulendo wachisanu ndalandira Lachisanu. Ndinatseka maso nthawi yonse. Anamwino aja anandigwira phewa, sananene za kolala.

Lero ndayenda m'nyumba mokha, kuchipinda ndi pabalaza, kasanu. Lachiwiri ndituluka. Bambo a ana akuti azindiperekeza mpaka pa kamlatho asanatsegule galaja, ati nawonso mimba yawakulira.

Zoti ndakukhululukirani musafunsenso. Koma mkwiyo sunathe wonse, ndausungako wina woti ndidzakupatseni pamaso. Ulendo womaliza wa mankhwala ndi pa 10 Julaye. Akuti ndidikire masabata atatu kapena anayi magazi abwerere, kenako ndikhoza kukwera basi.

Tsopano poti palibe chobisa, yankhani foni. Simuyenera kulankhula. Ndizilankhula ndine, mukudziwa kuti sizindivuta.

Mng'ono wanu,
Kasingano


9 Ogasiti

Bambo a ana,

Ndafika bwino, monga ndinakuuzani pafoni. Koma zina sindikanatha kunena Akulu ali pomwepo, ndiye ndalemba. Ana muwapatse moni, ndipo muwauze kuti mayi awo aakulu akuwafunsa.

Masitepe aja ndinakwera osapumira. Nditafika pamwamba ndinachita manyazi ndi mphamvu zanga zomwe.

Akulu atha thupi, bambo. Nkhope yatsala maso okha, koma miyendo ndi yotupa mpaka m'mawondo. Amagona chokhala, mapilo atatu kumsana. Mchere anawaletsa, madzi akumwa amachita kuwayeza m'botolo, ndipo m'mawa uliwonse alamu amawakweza pasikelo n'kulemba pakalendala. Lachinayi ndinapita nawo kuchipatala. Adokotala a mtima anandiitanira pambali n'kundiuza kuti mankhwala akugwirako ntchito, koma mtimawo sudzabwerera mwakale. Nditafunsa za nthawi anati ena amakhala zaka, ena ayi.

Chimene sindinkayembekezera n'choti nawonso anawalamula kuyenda. Kawiri patsiku, mukhonde la pamwamba pano, kuchoka pakhomo pathu kukafika pa zenera la kumapeto. Pali zitseko zisanu ndi chimodzi. Tsiku loyamba anaima pa chitseko chachitatu, atatsamira khoma, milomo itachita bii. Manja anga anapita okha kukawagwira. Iwo anandiyang'ana, mpweya wolankhulira analibe, koma ndinamva. Ndinabweza manja, ndinawaika kumbuyo n'kugwirana zala mpaka kupweteka. Tinaima pamenepo nthawi yaitali, mayi wa pa chitsekocho akutisuzumira pakatani. Kenako ananyamuka okha. Pa zonse zimene ndadutsamo chaka chino, sindikudziwa ngati pali chimene chinandivuta kuposa kuima pamenepo manja ali kumbuyo.

Dzulo alamu atapita kukagula mankhwala, ndinawathandiza Akulu kusamba. Bafa lake ndi laling'ono, madzi anandinyowetsa bulauzi, ndiye ndinavula. Aka kanali koyamba munthu wina kuona bala langa kupatula inu ndi achipatala. Akulu analiyang'ana, anayang'ana lawo, kenako anati, "Iwe latsala lakumanzere, ine lakumanja. Awirife tikaphatikizana tikukwana mzimayi mmodzi." Tinaseka, bambo. Ine ndinakhala pansi m'madzi momwemo. Koma kuseka kwawo kunasanduka chifuwa, chifuwa n'kusanduka kubanika, anagwira mpope ndi manja awiri maso ali pamtunda. Ndinatsegula zenera, ndinawakhazika mowongoka, n'kumawerenga nawo mpweya monga anandiphunzitsira alamu. Zinatenga mphindi mwina zisanu. Atapeza mpweya ndinawauza kuti basi, nthabwala zatha m'nyumba muno. Iwo anapukusa mutu n'kuti, "Ukayamba kundiletsa kuseka, ukwere basi."

Tsiku langa lokaonana ndi adokotala ndi pa 2 Sepitembala, kuti akandiunikenso mtima ndi kundiuza ngati ndikufunika kuwotchedwa. Ndidzabwera dzulo lake. Zikatha ndidzabwereranso kuno, ndipo sindikudziwa kuti kwa nthawi yaitali bwanji. Ndikudziwa kuti ndikukusenzetsani katundu. Makasitomala akabwera muwauze zoona, kuti ndili kwa mkulu wanga amene akudwala, ndipo amene sangadikire apite kwa telala wina.

Ndilekeze, akundiitana. Yakwana folo koloko, ndipo lero akuti akufuna akafike pa chitseko chachisanu.

Mkazi wanu